TANZANIA: Moyo wautali wa galimoto zaliwiro za ku Japan wagona pamsika wa Ilala

DAR ES SALAAM — M'misewu ya Shaurimoyo, m'dera la Ilala mumzinda uno, injini za galimoto amaziunjika pakhonde la sitolo ngati matumba a chimanga nthawi yokolola. Pambali pake pamakhala magiyabokosi, zitseko, nyali ndi mitu yathunthu ya galimoto zodulidwa pakati, zomwe zidatha ntchito ku Japan, zina n'kudzera ku Sharjah m'dziko la United Arab Emirates zisanakwere sitima yobwera kuno. Wogula amafika ndi chitsulo chakufacho m'manja, kapena chithunzi chake pafoni, ndipo mnyamata wa pasitolo amalowa nacho m'kati n'kutuluka ndi chinzake.

Pamalo pano mpomwe pali yankho la funso lomwe achinyamata ambiri a ku Tanzania, Malawi ndi Zambia amafunsana asanatulutse ndalama zomwe asunga kwa zaka: kodi galimoto yaliwiro ya ku Japan, yomwe yatha zaka 20 ndipo yayenda makilomita 200,000, ingadaliridwe? Yankho lofala n'lakuti Toyota ndi Subaru sizifa. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma amabisa mbali yaikulu ya nkhani. Galimotozi zakhalitsa chifukwa kumbuyo kwake kwakhala kukuyenda mtsinje wa masipeyala otsika mtengo, komanso amakaniko ozidziwa kunja ndi m'kati. Mtsinjewo wayamba kuphwa, ndipo oyamba kumva ludzu ndi omwe amakhala kutali ndi Ilala.

Galimoto zenizeni zampikisano, za zitseko ziwiri, monga Toyota Supra, Mazda RX-7 kapena Nissan Fairlady Z, n'zowerengeka m'misewu ya Dar es Salaam. Zomwe anthu amatanthauza akamakamba za galimoto zaliwiro ndi azibale ake a zitseko zinayi: Toyota Altezza, yomwe idapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, Chaser ndi Mark II, Mark X yomwe idalowa m'malo mwa Mark II mu 2004, komanso Subaru Impreza WRX, Legacy B4 ndi Forester ya turbo. Zimanyamula banja kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma pansi pa boneti pali injini yomwe idakonzedwera msewu wina, mafuta ena ndi thumba lina.

Ulemu udachokera m'fumbi

Mbiri yabwino ya galimotozi kum'mawa kwa Africa sidayambe ndi otsatsa malonda a pa intaneti. Idayambira pampikisano wa Safari Rally, womwe udakhazikitsidwa mu 1953 ndipo m'zaka zoyambirira unkadutsa ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Datsun 240Z idapambana mu 1971 ndi 1973, Toyota Celica idatenga chikho zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1984 n'kudzabwerezanso kangapo m'zaka za m'ma 1990, ndipo Subaru Impreza idapambana mu 1997 ndi Colin McRae, kenaka mu 2000 ndi Richard Burns. Anthu adaona ndi maso awo galimoto ya ku Japan ikutuluka m'matope ndi m'miyala idakali yamoyo. Chomwe sankachiona bwino ndi gulu la amakaniko, ndi malole odzadza masipeyala, omwe ankaidikira pamalo aliwonse opumira.

Kulimba kwa chitsulo chenichenicho sikungatsutsidwe. Injini zambiri za nthawiyo zidajambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chuma cha Japan chili pachimake, pomwe makampani sankaumira ndalama pofuna kupitirirana. Kuyambira 1989 mpaka 2004 makampaniwo adagwirizana kuti asalengeze mphamvu zoposa mahosipawa 280 pa galimoto zogulitsidwa kwawo, ndipo liwiro lidamangidwa pa makilomita 180 pa ola. Chotsatira chake chidali chakuti injini monga 1JZ ndi 2JZ za Toyota, za thunthu la chitsulo cholemera, zinkagwira ntchito yochepa poyerekeza ndi yomwe zikadatha. Ng'ombe yomwe imakoka theka la katundu wake imakalamba mochedwa.

Koma Japan siisunga galimoto mpaka ukalamba. Lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto yatsopano ipimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, pamuyeso wodula wotchedwa shaken. Galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake wapachaka umakwera ndi pafupifupi 15 peresenti, ndipo msonkho wa kulemera kwake umakweranso pa zaka 13 ndi 18. Pamsika wa kumeneko mtengo umagwa kwambiri mita ikangofika pa makilomita 100,000. Galimoto yomwe mwini wake ku Nagoya amaiona ngati mtolo wa misonkho, ku Dar es Salaam imafika ili ndi theka la moyo wake.

Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, la mu 2020 lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, United States ndi Japan adatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zakaunjika zokwana 14 miliyoni, ndipo pafupifupi 40 peresenti zidathera mu Africa. Japan yokha idatumiza zoposa 1.5 miliyoni mu 2023, ndipo Tanzania ili m'gulu la mayiko a mu Africa omwe amalandira zochuluka. Malonda a pa intaneti adafupikitsa mtunda, moti dzina la kampani ya BE FORWARD lidafika mpaka pa dzina la timu ya mpira ya Wanderers ya ku Blantyre kwa zaka zingapo.

Injini imodzi, galimoto zambiri

Doko lenilenilo lili ku Kurasini, m'boma la Temeke, koma galimoto ikatuluka pachipata, umoyo wake umasamalidwa ku Ilala. Boma limeneli, lomwe khonsolo yake idakwezedwa kukhala ya mzinda wa Dar es Salaam mu February 2021, ndilo lasunga msika wa Kariakoo, amisiri azitsulo a ku Gerezani, ndi magalaja osawerengeka a ku Buguruni, Tabata ndi Vingunguti. Wogulitsa masipeyala, wowotcherera, wokulunga mawaya ndi wosula zitsulo amakhala motalikirana mtunda woyenda pansi. Galimoto yomwe m'mayiko olemera ikadatayidwa chifukwa ntchito yoikonza yaposa mtengo wake, kuno imadzuka tsiku lachitatu.

Nkhani ya Altezza ikuonetsa bwino momwe msikawu umagwirira ntchito. Galimotoyi, yomwe idasankhidwa kukhala yopambana pa zonse ku Japan m'chaka cha 1998/99 ndipo ku Ulaya inkagulitsidwa ngati Lexus IS200, idatuluka ndi injini ziwiri zikuluzikulu. Ya AS200 ili ndi 1G-FE, ya masilinda asanu ndi imodzi ndi mahosipawa 160. Injini yomweyo idaikidwanso mu Mark II, Chaser, Cresta, Crown ndi Verossa, galimoto zomwe zidadzadza Dar es Salaam m'zaka za m'ma 2000. Choncho pampu ya madzi, lamba, koyilo kapena injini yathunthu zinkapezeka pafupifupi pasitolo iliyonse, ndipo makaniko aliyense adaphunzirira ntchito pa injini yomweyo. Ya RS200 ili ndi 3S-GE yomwe Yamaha idathandiza kukonza, ya masilinda anayi ndi mahosipawa 210 pa giya yamanja. Ndi yokoma kuyendetsa, koma imazungulira mwaliwiro, imafuna petulo wamphamvu ndi oyilo wabwino, ndipo mtundu wake weniweniwo sudaikidwe m'galimoto zina. Kunja ziwirizi zimafanana, ndipo wogula wosadziwa amaziyesa galimoto imodzi. Kusiyana kwake amakudziwira kwa wogulitsa masipeyala.

Pali zitsanzo zowawa kuposa apa. Mazda RX-8, yomwe idapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, idakopa ena chifukwa cha maonekedwe ndi mtengo wotsika pa intaneti. Injini yake ilibe mapisitoni. Ili ndi zitsulo za ngodya zitatu zomwe zimazungulira, imadya oyilo mwadala monga idapangidwira, ndipo timizere totseka mpweya pansonga za zitsulozo tikaperepeseka mphamvu imatha, galimoto n'kumakana kulira ikatentha. Makaniko wozolowera Toyota sadziwa poyambira, ndipo sitolo sisunga chitsulo chomwe chimafunidwa kamodzi pachaka. Injini za GDI zomwe Mitsubishi idayambitsa mu 1996, ndi za D-4 zoyambirira za Toyota, zomwe zimapopera petulo mwachindunji m'silinda, zidapezanso mbiri yoipa m'chigawo chino chifukwa cha mwaye womwe unkaunjikana m'kati. Zonsezi ndi za ku Japan, zopangidwa mosamala mofanana. Zidasiyana pa chinthu chimodzi: zina zidapeza mudzi wozilera, zina zidafika ngati alendo opanda m'bale.

Kwa Amalawi dzina la Ilala limakumbutsa sitima ya panyanja yomwe yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kuyambira 1951. Palibe amene amati sitimayo yakhalitsa chifukwa amisiri a ku Scotland adaipanga yosafa. Aliyense akudziwa kuti injini zake zidasinthidwa ndipo yagonekedwa padoko kambirimbiri kuti ikonzedwe. Zimadabwitsa kuti nzeru yomweyo imaiwalika nkhani ikakhala ya galimoto.

Mita imanena zochepa

Ogula ambiri amayang'ana nambala imodzi, ya makilomita, ndipo ndi nambala yomwe imanama mosavuta kuposa zonse. Kubweza mita si ntchito yovuta, kaya ku Japan, padoko lodutsira kapena pabwalo logulitsira galimoto. Njira zotsimikizira zilipo. Kuyambira 2004 akuluakulu a ku Japan amalemba makilomita pa chikalata cha galimoto nthawi ya shaken, ndipo manambalawo amaoneka pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Pepala la kumsika wa okushoni limapereka giredi, ndipo chilembo R chimasonyeza galimoto yomwe idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ochepa ndi omwe amaitanitsa mapepalawa, ndipo ochepanso kwambiri ndi omwe amatha kuwawerenga, poti adalembedwa m'Chijapani.

Ngakhale mita itanena zoona, makilomita ochepa si umboni wa thanzi. Galimoto ya mumzinda wa Tokyo yomwe inkangoyenda timaulendo tatifupi injini isanatenthe imatha kukhala ndi phala lakuda la oyilo m'kati, pomwe inzake ya makilomita 180,000 a m'misewu ikuluikulu ili yoyera. Subaru zimakondedwa kwambiri m'madera a chipale monga Hokkaido ndi Tohoku, komwe amathira mchere pamsewu m'nyengo yozizira, ndipo dzimbiri lake limabisala kunsi komwe chithunzi cha pa intaneti sichifika. Palinso vuto la galimoto zaliwiro zokha: zambiri zidagwa m'manja mwa achinyamata a ku Japan omwe adazisintha, kuzikweza mphamvu ya turbo ndi kuzisereretsa chammbali m'mabwalo ampikisano. Chaser ndi Altezza ya giya yamanja zidali pakati pa zokondedwa pamasewerowo. Mwini akafuna kugulitsa amachotsa zokongoletsa n'kubwezera zakale, koma kutopa kwa injini sikuchotsedwa ndi sipanala.

Kenaka pali zaka. Thunthu la chitsulo likhoza kupirira makilomita 400,000, koma mapaipi a labala, masilo otseka oyilo, mapulasitiki a pa rediyeta, mawaya ndi masensa zimakalamba ngakhale galimoto itangoima. Zomwe zimapha galimotozi kawirikawiri ndi tinthu totchipa. Paipi ya madzi imaphulika, woyendetsa saona muvi wa kutentha ukukwera, ndipo pakatha mphindi zochepa mutu wa injini wapindika. Lamba woyendetsa mavavu, yemwe pa 1G-FE, 3S-GE ndi EJ20 ya Subaru amayenera kusinthidwa pafupifupi pa makilomita 100,000, akaduka galimoto ili paliwiro mapisitoni amatha kugunda mavavu. Galimoto zambiri zimachoka ku Japan zitatsala pang'ono kufika pa nambala imeneyi, mwini wake atazemba dala ntchitoyo, ndipo wogula watsopano, thumba litauma ndi msonkho, amailekeranso mawa.

Dar es Salaam yokha imawonjezera mayeso ake. Mzere wa galimoto, womwe eni mzinda amautcha foleni, umatha kuimitsa galimoto ola lathunthu pamsewu wa Nyerere kapena Mandela, dzuwa likuswa mtengo, makina oziziritsa m'kati akulira, mpweya wosadutsa pa rediyeta. Mvula ya masika ikagwa, chigwa cha mtsinje wa Msimbazi chimasefukira pa Jangwani, ndipo galimoto yotsika pansi imamwa madzi pomwe Land Cruiser ikudutsa. Ntchito ya ndalama zokwana madola 200 miliyoni yomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza mu 2022 idalinga kuthana ndi vuto lomwelo. Mahampu ndi maenje zimadya zapansi. Mafuta adasintha ndithu: petulo wa mtovu adaletsedwa kum'mwera kwa Sahara kuyambira January 2006, ndipo mayiko a East African Community adatsitsa sulufule m'mafuta mu 2015. Koma pampu zambiri zimagulitsa petulo wamtundu umodzi, wosafika mphamvu ya petulo wapamwamba yemwe injini za turbo zidakonzedwera ku Japan. Kompyuta ya injini imadziteteza pochepetsa mphamvu, koma chitetezocho chili ndi malire, makamaka phazi likalemera.

Amakaniko omwe amapulumutsa galimotozi nthawi zina ndi omwenso amazifupikitsa moyo. Chizolowezi chochotsa themositati poganiza kuti kuno n'kotentha kale, kuthira madzi a pampopi m'malo mwa mankhwala oziziritsira, kumanga fani kuti izingozungulira, ndi kutulutsa chosefa utsi cha m'paipi n'kukachigulitsa chifukwa cha miyala yamtengo wapatali ya m'kati mwake, zonsezi zimathetsa vuto la lero n'kubzala la chaka chamawa. Masipeyala achinyengo, okutidwa m'mabokosi ofanana ndi enieni, ndi mliri wina womwe bungwe la Fair Competition Commission la Tanzania lakhala likulimbana nawo. N'chifukwa chake ambiri ku Shaurimoyo amakhulupirira chitsulo chakale chochotsedwa m'galimoto ya ku Japan kuposa chatsopano cha m'bokosi.

Gwero likuphwa

Chikhulupiriro chimenechi ndicho chayika msika wonse pachiswe, chifukwa chitsulo chakaunjika chimafuna kuti kwinakwake galimoto ina ife. Kwa zaka 20 Japan idakhala ikuphwasula Mark II, Cresta ndi Legacy zikwizikwi, ndipo injini zake zinkadzadza makontena. Koma Chaser ndi Cresta zidasiya kupangidwa mu 2001, Altezza mu 2005, Mark X mu 2019, ndipo Subaru idatsanzikana ndi EJ20 kumapeto kwa 2019, patatha zaka 30. Chaka chilichonse zotsala zimachepa, ndipo injini yomwe ikufika lero idayenda kwambiri kuposa yomwe inkafika mu 2012. Zomwe malo ophwasulira a ku Japan akulandira tsopano ndi Prius, Aqua, Fit ndi timagalimoto ta injini zing'onozing'ono.

Pabweranso wopikisana naye wa thumba lakuya. Lamulo la United States la mu 1988 limalola galimoto yomwe sidapangidwire msika wa kumeneko kulowa momasuka ikakwanitsa zaka 25. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R32 idatsegukiridwa khomo mu 2014, ya R34 mu 2024, ndipo mitengo yake ku okushoni idakwera kufika poti ndi ya anthu olemera okha. Fundeli silidaime pa mayina akuluakulu. Chaser ya mtundu wa 100 idafika pamsinkhuwo mu 2021, Altezza zoyamba kumapeto kwa 2023, ndipo Impreza WRX ndi Lancer Evolution za m'ma 1990 zalowa kale. Mnyamata wa ku Sinza kapena Area 25 yemwe kale ankapikisana ndi anzake a ku Kenya ndi Russia, lero akulimbirana galimoto yomweyo ndi wosonkhanitsa galimoto zakale wa ku California.

Makampani ena ayambiranso kupanga masipeyala a galimoto zakale. Nissan idayamba mu 2017 ndi Skyline GT-R, Mazda chaka chomwecho ndi Roadster yoyamba, ndipo Toyota idatsatira mu 2020 ndi Supra. Koma mndandandawo udalembedwera galimoto zosungidwa m'nyumba n'kumapukutidwa Loweruka, pamitengo ya eni ake otero. Sunalembedwere Altezza yomwe imadzuka m'mawa uliwonse kupita kuntchito ku Posta.

Ku Dar es Salaam komweko msika watembenuka. Petulo adapitirira mashilingi 3,000 pa lita mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, ndipo injini ya masilinda asanu ndi imodzi idakhala chilango cha tsiku ndi tsiku. Ntchito ya matakisi oitanidwa pafoni, yomwe idafika mumzindawu mu 2016, idakweza Toyota IST ndi anzake osamwa mafuta. Ena akusinthira galimoto zawo ku gasi wachilengedwe wa m'dzikomo, ntchito yomwe sukulu ya Dar es Salaam Institute of Technology idatsogolera. Wogulitsa masipeyala amatsata ogula: shelefu yomwe idali ya 1G-FE ikuperekedwa kwa IST, ndipo mwana wophunzira umakaniko lero akuona kuti tsogolo lili pa makina opimira kompyuta ya galimoto ndi mabatire a haibulidi.

Makilomita 900 kukafika pa Songwe

Zonsezi zimalemera kwambiri kwa wogula wa ku Malawi ndi Zambia. Galimoto yake imatuluka padoko ndi nambala yongodutsira ya zilembo IT, ndipo tsiku loyamba kuyenda mu Africa imapatsidwa mayeso omwe sidawaonepo kwawo: Chalinze, Morogoro, nkhalango ya Mikumi, chikweza cha Kitonga, Iringa, Makambako, kenaka pa Uyole msewu umagawikana, wina kutsikira ku Tukuyu ndi Kasumulu pa mtsinje wa Songwe, wina kupitirira ku Mbeya ndi Tunduma moyang'anana ndi Nakonde. Ndi ulendo wa makilomita oposa 900. Galimoto imakhala itaima miyezi iwiri kapena itatu, oyilo wake ndi wosadziwika zaka, matayala ena ndi a m'chipale omwe amafewa pa phula lotentha, ndipo woyendetsa wolembedwa ganyu amalipidwa pa ulendo, choncho amafulumira kuti akatenge ina. Wa ku Malawi amakumananso ndi chikweza cha Chiweta asanafike ku Mzuzu. Injini zina zimafika ku Lilongwe zitavulala kale, mwini wake asanagwire chiwongolero.

Galimoto yongodutsa silipira msonkho wa Tanzania. Imakalipira kwawo, ndipo Malawi Revenue Authority imayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, zinthu ziwiri zomwe galimoto yaliwiro yakale ili nazo zonse mopyola. Ikalowa, imapeza petulo wosakanizidwa ndi ethanol, monga Malawi yakhala ikuchitira kuyambira 1982, ndipo mapaipi a labala a zaka 25 samulandira bwino nthawi zonse. Chachikulu n'chakuti Shaurimoyo yatsala kutali. Sensa yomwe wa ku Dar es Salaam amaipeza masana omwewo, wa ku Zomba kapena Chipata amaituma kwa wabasi, kulipira asanaione, n'kudikira sabata. Ikafika yosayenera, ulendo umayambiranso. Kwacha ya Malawi idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kudakweza mtengo wa chitsulo chilichonse chochokera kunja. Galimoto zambiri zomwe zagona pamiyala kuseli kwa nyumba m'matauni a Malawi sizidafe injini. Zikudikira kanthu kakang'ono komwe mwini wake sadathe kukapeza kapena kukagula.

Maboma amawerenga zaka

Maboma a m'chigawochi ayankha nkhani ya galimoto zakale ndi muyeso umodzi, wa kalendala. Kenya siilola galimoto yoposa zaka zisanu ndi zitatu. Uganda idaletsa zoposa zaka 15 mu 2018, Zimbabwe idakhwimitsa lamulo pa zoposa zaka 10 mu 2021, ndipo South Africa pafupifupi siilola konse galimoto zakaunjika, kupatula zongodutsa pa Durban. Tanzania idasankha msonkho m'malo mwa chiletso: kwa zaka zingapo galimoto yapakati pa zaka 8 ndi 10 inkalipira 15 peresenti yoonjezera, ndipo yoposa zaka 10 inkalipira 30 peresenti. Mu 2022 East African Community idavomereza muyeso wa utsi wofanana ndi Euro 4, womwe ukatsatidwa mokwanira udzatseka khomo kwa galimoto zambiri za m'ma 1990.

Kuwerenga zaka n'kosavuta kwa wokhometsa msonkho, ndipo pa nkhani ya utsi kuli ndi maziko. Koma pa nkhani ya kudalirika ndi chitetezo muyesowu ndi wosakhwima. Umalanga mofanana galimoto yosamalidwa bwino ndi yowola, ndipo ukakweza mtengo wolowetsera, umameza ndalama zomwe mwini akadasinthira lamba, mabuleki ndi matayala. Kupima galimoto yeniyeniyo ndi komwe kungasiyanitse ziwirizi, koma mbali imeneyi yakhala ikugwedezeka. Bungwe la Tanzania Bureau of Standards lidasamutsa ntchito yopima galimoto kuchoka kunja kubwera padoko la Dar es Salaam mu 2021, kenaka chaka chotsatira lidabwerera ku njira yopimira galimoto isanakwere sitima. Galimoto ikalowa m'dziko, chiphaso cha thanzi lake la pamsewu m'mayiko ambiri a kuno chimadalira kwambiri maso a wopima kuposa makina.

Pali ngozi ina yomwe kalendala kapena mita sizionetsa. Zikwama za mpweya zoteteza pangozi zopangidwa ndi kampani ya Takata, zomwe zidaikidwa m'galimoto mamiliyoni ambiri za m'ma 2000, za Toyota, Honda, Nissan, Subaru ndi Mazda zomwe, zidapezeka kuti mankhwala ake amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo zikaphulika zimatha kuponya zidutswa za chitsulo kumaso kwa woyendetsa. Kampaniyo idagwa mu 2017, ndipo kuyambira May 2018 Japan idayamba kukana shaken kwa galimoto zina zomwe sizidasinthidwe chipangizochi. Koma zomwe zidatuluka m'dzikomo kale kalata yoziitana isanalembedwe zilibe keyala yomwe kampani ingazipezere, ndipo nyengo ya m'mphepete mwa nyanja ya Indian, kapena ya ku Nsanje ndi Karonga, ndi yomwe imafulumizitsa vutolo. Bungwe la World Health Organization likuti chigawo cha Africa chili ndi pafupifupi 3 peresenti ya galimoto za padziko lonse, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a imfa za pamsewu. Nambala ya chesisi ikhoza kufufuzidwa pamasamba a makampani a ku Japan kuti zidziwike ngati galimoto idaitanidwa, koma m'mafomu a pachipata cha Songwe kapena Nakonde chomwe chimawerengedwa ndi chaka, kukula kwa injini ndi mtengo.

Mwa galimoto zomwe zatchulidwa, Mark X ndi Subaru za m'ma 2010 zidakali ndi zaka zingapo za masipeyala ochuluka, ngakhale injini ya 4GR ya Mark X ndi yopopera petulo mwachindunji ndipo siikhululukira oyilo wotchipa monga inkachitira 1G-FE. Za m'badwo wa Altezza ndi Chaser zalowa kale m'nyengo yodyana zokhazokha, pomwe galimoto imodzi yochita ngozi ku Kibaha imadzutsa zitatu ku Tabata. Altezza zomaliza, za mu 2005, zidzakwanitsa zaka 25 mu 2030, ndipo ogulitsa ena a ku Shaurimoyo omwe kale ankaitanitsa injini zake ku Japan tsopano amazigula kwa eni galimoto zakufa mumzinda momwemo.